Chivundikiro cha bokosi la tiyi ndi njira zake 8

Ndili Fomu 2 ndinataya mamalikisi pa funso limene ndinkaliona ngati la mwana wa Sitandade 5. Funso lake linali lakuti: rekitango ili ndi mizere ingati ya symmetry? Ine mosakayika ndinalemba 4: umodzi woimirira, wina wopingasa, iwiri yodutsa m'ngodya. Pepala pobwera, 4 wanga anali atazingidwa ndi inki yofiira. Aphunzitsi athu sanakalipe. Anangothothola tsamba m'kope n'kunena kuti, "Iwe, tapinda pepalali potsata mzere wochoka ngodya iyi kufika ngodya iyo, tione ngati mbali ziwirizo zigonerana." Ndinapinda. Sizinagonerane, nsonga ziwiri zinatulukira panja ngati makutu a kalulu. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, yankho n'kukhala 2.

Tsiku limenelo ndinangoloweza yankho. Kumvetsa kwenikweni kunandipeza pa holide, kwathu ku Thyolo. Abambo ankagwira ntchito kufakitale ya esiteti ina ya tiyi, ndipo pakhomo tinali ndi bokosi lakale la pulayiwudi, la aja ankalongedzamo tiyi wopita kunja. Amayi ankasungamo ufa. Chivundikiro chake chinali sikweya, ndipo ntchito yanga madzulo aliwonse inali kuvundikira kuti makoswe asatilawire ufa. Ndinkavundikira mumdima, osayang'ana n'komwe, chivundikiro n'kungokhala bwinobwino. Koma thabwa lotsekera pazenera, lomwe linali rekitango, nthawi zina linkakana mpaka ulizungulitse. Ndinayamba kudzifunsa: chivundikirochi chingakhale njira zingati pabokosi, nanga thabwali lingalowe njira zingati pazenera?

Funso limeneli ndi khomo lolowera ku masamu amene ku yunivesite amawatcha group theory. Musaope dzinalo. Pepala, lumo ndi cholembera zikukwana.

Symmetry ndi chochita

M'kalasi tinazolowera kuganiza kuti symmetry ndi mzere wa timadontho umene timajambula pakati pa chithunzi. Tiyeni tiiwale kaye mzerewo. Taganizani masewera awa. Mnzanu watseka maso, inu mwanyamula chinthu, mwachisuntha, n'kuchibwezera pamalo pake. Mnzanu uja potsegula maso sakuzindikira kuti mwachikhudza. Chimene mwachitacho ndiye symmetry. Ndi njira yosunthira chinthu koma icho n'kumaoneka ngati sichinasunthe.

Pa zinthu zafulati ngati chivundikiro, njira zake ndi zamitundu iwiri. Woyamba ndi kuzungulitsa, chinthu chili chigonere, ngati mmene amayi amazungulitsira lichero. Aphunzitsi amati rotation. Wachiwiri ndi kutembenuza, pansi kubwera pamwamba, ngati mmene timatembenuzira chitumbuwa m'mafuta. Kutembenuzaku kumapereka chimene mukadaona pagalasi, ndiye reflection. Mzere wa timadontho uja ndi pomwe pakhala galasilo basi.

Tiyeni tiwerenge

Dulani pepala la sikweya. Lembani A pangodya ya pamwamba kumanzere, B pamwamba kumanja, C pansi kumanja, D pansi kumanzere. Kuseri kwa pepala lembaninso zilembo zomwezo, chilichonse pangodya yake yomweyo, kuti mukatembenuza muzizionabe. Poyambira pathu ndi apa:

A B
D C

Zungulitsani pepala madigiri 90 motsata mivi ya wotchi. Likuoneka sikweya yomweyo, ngakhale zilembo zasuntha. Imeneyo ndi njira imodzi, tiitche Z. Kuzungulitsa madigiri 180 ndi njira ina, madigiri 270 inanso. Pa madigiri 360 mwabwerera poyambira, chimodzimodzi ngati simunakhudze. Kusakhudzako nakonso timakuwerengera, tikutche O. Mwina mukuti, aa, kusachita kanthu ingakhale njira? Inde, monga mmene 0 alili nambala ngakhale sawonjezera kanthu. Mpaka pano tapeza njira 4.

Tsopano kutembenuza. Mungatembenuze kumanzere kupite kumanja, tikutche T. Mungatembenuze pamwamba papite pansi. Mungatembenuzenso potsata mzere wa A ndi C, kapena wa B ndi D. Zimenezi ndi 4 zina. Zonse pamodzi ndi 8.

Tikudziwa bwanji kuti palibe ya chi 9 imene yatibisalira? Apa ndi pomwe masamu amasiyana ndi kungoyesa. Ngodya A ingapite pamalo 4. Ikakhala pamalo pake, B ayenera kukhala moyandikana nayo, chifukwa pepala siling'ambika, ndipo malo oyandikana ndi 2 okha. A ndi B akakhazikika, C ndi D alibenso chosankha. Choncho 4 × 2 = 8, osapitirira.

Ganizo lomweli limagwira pa chinthu chilichonse cha mbali zofanana ndi ngodya zofanana. Cha mbali 3 chili ndi njira 6, cha mbali 5 chili ndi 10, cha mbali 6 chili ndi 12. Mbali zikakhala n, njira ndi 2n, theka zozungulitsa, theka zotembenuza.

Kuchita ina pambuyo pa inzake

Kuwerenga n'koyamba chabe. Zokoma zimayamba mukaphatikiza njira ziwiri. Bwererani poyambira, chitani Z. Mupeza:

D A
C B

Kenako chitani T, kumanzere kupite kumanja:

A D
B C

Taonani bwino. A ndi C ali pamalo pawo pakale, amene asinthana ndi B ndi D. Kumeneku ndi kutembenuza potsata mzere wa A ndi C, imodzi mwa njira 8 zija.

Tsopano bwereraninso poyambira, koma muyambe ndi T:

B A
C D

Kenako Z:

C B
D A

Pano B ndi D ndi amene sanasunthe, A ndi C asinthana. Kumeneku ndi kutembenuza potsata mzere wina uja. Njira zomwezo, Z ndi T, koma mayankho awiri osiyana. Tsiku limene ndinaona izi ndinabwereza katatu, ndimaganiza kuti ndalakwitsa. Pajatu kuyambira Sitandade 1 tinakula tikudziwa kuti 3 × 5 ndi 5 × 3 n'chimodzimodzi. Pa sikweya sizili choncho, choyamba ndi chotsatira zili ndi kanthu. Kufakitale ya tiyi amadziwa zimenezi: masamba amayamba afota, kenako amadulidwa, kenako amasiyidwa kuti asinthe mtundu, pomaliza amaumitsidwa. Mutayamba ndi kuumitsa, chotuluka si tiyi amene timamwa.

Malamulo 4 a gulu

Njira 8 zija zikatengedwa pamodzi zimatchedwa group, ife tingoti gulu. Sikuti mulu uliwonse wa zinthu ndi gulu. Pali malamulo 4.

Loyamba: mukaphatikiza njira ziwiri zilizonse za m'gulu, chotuluka chikhale cha m'gulu lomwelo. Taona kale kuti Z ndi T zabala njira ina mwa 8 zomwezo.

Lachiwiri: pakhale njira yosasintha kanthu. Ndiye O uja.

Lachitatu: njira iliyonse ikhale ndi yoibweza. Yobweza Z ndi kuzungulitsa madigiri 270, chifukwa 90 ndi 270 zikwana 360. Yobweza T ndi T yemweyo, chitumbuwa mukachitembenuza kawiri chagona mmene chinalili.

Lachinayi: pakakhala njira zitatu zotsatizana, zilibe kanthu kuti mwayamba kuphatikiza ziwiri zoyambirira kapena ziwiri zomalizira, bola osasintha mndandanda wake.

Malamulowa mumawadziwa kale, kungoti simunauzidwe dzina. Manambala athunthu, ... -2, -1, 0, 1, 2 ..., pamodzi ndi kuphatikiza, ndi gulu: 0 sasintha kanthu, ndipo chobweza 7 ndi -7. Wotchi nayonso ndi gulu la zinthu 12: pa 9 koloko mukawonjezera maola 5 mufika pa 2 koloko, osati 14. N'chifukwa chake phunziroli limatchedwa abstract algebra. Silisamala kuti mwagwira manambala, wotchi kapena chivundikiro. Limangoyang'ana mmene zinthuzo zimaphatikizirana.

Rekitango, matiresi ndi fani

Tibwerere ku thabwa la pazenera, lomwe linandichititsa manyazi lija. Rekitango ili ndi njira 4 zokha: O, kuzungulitsa madigiri 180, ndi kutembenuza kuwiri. Kuzungulitsa madigiri 90 kumaika mbali yaitali pamalo pa yaifupi, ndiye thabwa limakana. Kutembenuza potsata mzere wa m'ngodya nakonso kumasinthanitsa mbali yaitali ndi yaifupi, ndiwo makutu a kalulu aja. Ndinkalakwitsa chifukwa mzere wa m'ngodya umagawadi rekitango m'zidutswa ziwiri zofanana. Koma kugawa pakati ndi kwina, kukhala galasi ndi kwinanso. Pa parallelogram wamba msampha ndi waukulu kuposa apa: ilibe mzere wa symmetry ngakhale umodzi, ili ndi O ndi madigiri 180 basi.

Amene muli ku boding'i, gulu la rekitango mumagonapo usiku uliwonse. Matiresi angakhale pabedi m'njira 4: mmene alili, kumutu kupite kumiyendo, kutembenuza cham'mbali, kapena kutembenuza cham'litali. Kuti asakumbike mbali imodzi, ndi bwino kumawasinthasintha. Koma yesani kupeza njira imodzi yoti muzingoibwereza mwezi uliwonse, matiresi n'kudutsa m'makhalidwe onse 4. Simuipeza. Njira iliyonse ya m'gulu limeneli mukaichita kawiri mwabwerera poyambira. Muyenera kusinthanitsa njira ziwiri, mwezi uno kumutu kupite kumiyendo, mwezi wamawa kutembenuza. Gululi limadziwika ndi dzina la Felix Klein, katswiri wa masamu wa ku Germany.

Tsopano taganizani fani ya mapiko 4, ngati zija zimapemerera mphepo pansi pa masamba akamafota kufakitale. Mapiko ake ndi opendekera mbali imodzi, choncho pagalasi imaoneka fani ina, yopendekera kwina. Njira zake ndi zozungulitsa zokha: madigiri 0, 90, 180 ndi 270. Nazonso ndi 4, ngati za matiresi. Koma apa mukabwereza madigiri 90, mudutsa m'makhalidwe onse 4 musanabwerere. Magulu awiri, lililonse la njira 4, koma mapangidwe ake osiyana. Ndipo akatswiri anatsimikiza kuti gulu lililonse la zinthu 4, kulikonse kumene mungalipeze, limakhala ngati la matiresi kapena ngati la fani. Lachitatu kulibe.

Nati ndi sipanala

Mukadzaima pa okonza njinga ku Thyolo boma kapena ku Luchenza, muyang'ane nati. Ili ndi mbali 6, ndiye kuti mukaizungulitsa madigiri 60 imaoneka ngati sinasunthe, sipanala n'kulowanso pomwe inalowa poyamba. Nati ya mbali 4 ikadafuna madigiri 90, ndipo pamalo opanikizika dzanja silingayende motalika choncho.

Yang'ananinso sipanala ya kukamwa. Kukamwa kwake sikuloza molunjika ndi chogwirira, pa zambiri kumapendekera madigiri 15. Amakaniko akafika pothina amakoka pang'ono, n'kuchotsa sipanala, kuitembenuza, kuilowetsanso. Kutembenuzako kumasamutsa kupendekera kuchoka madigiri 15 mbali ino kupita 15 mbali inayo, kusiyana kwake 30. Choncho nati imamasuka ngakhale pamalo pomwe dzanja lingayende madigiri 30 okha. Ameneyo ndi Z ndi T akugwira ntchito limodzi m'manja mwa munthu wothimbirira ndi girisi.

Minda ya tiyi

Mukamayenda pamsewu wa M2 kuchoka ku Limbe kulowera ku Mulanje, minda ya tiyi ya ku Thyolo imayala ngati mphasa yobiriwira. Ina ndi yakalekale, Satemwa inayamba mu 1923. M'minda imeneyi muli symmetry ya mtundu wachitatu. Tiyerekeze kuti munda ulibe malire ndipo mitengo yonse ndi yofanana. Mutaukankha munda wonse mtunda wa mtengo umodzi kutsata mzere, palibe angazindikire. Kumeneku ndi kukankha, m'kalasi amati translation. Mungakankhe kamodzi, kawiri, ka 100, osafika pothera, choncho gulu la munda lilibe mapeto.

Pali ndi mtundu wachinayi. Taonani mapazi a mayi wothyola tiyi m'matope a mwezi wa Januwale: lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanja. Kukankha sitepe imodzi kokha sikukwana, chifukwa phazi lamanzere ligwera pa lamanja. Kutembenuza kokha sikukwananso. Koma mukakankha sitepe imodzi n'kutembenuza, mapazi onse agwera m'malo mwake. Dzina lake ndi glide reflection.

Kodi zimenezi zili ndi phindu kwa mlimi? Tiyeni tiwerengere, mongoyerekeza. Mutabzala mbande motalikirana mita imodzi m'masikweya, hekitala imodzi ilowa mbande 10,000, ndipo mtengo uliwonse uli ndi anzake 4 oyandikana nawo. Mutasuntha mzere wachiwiri uliwonse ndi theka la mita n'kuyandikitsa mizere kuti mitengo itatu iliyonse ipange thirayango ya mbali zofanana, mtengo uliwonse ukhala ndi anzake 6, onse pa mtunda wa mita imodzi yomweyo. Koma tsopano hekitala ilowa mbande pafupifupi 11,500, kuwonjezera 15 pa 100 iliyonse. Njuchi zimamanga zisa zake motero.

Chodabwitsa n'chakuti mapatani obwerezabwereza ali ndi malire. Patani yodzaza malo afulati, kaya ndi munda, chitenje kapena matailosi, ingakhale ndi kuzungulitsa kwa madigiri 180, 120, 90 kapena 60 basi. Kwa madigiri 72, kwa mbali 5, sikutheka. Mitundu yonse ya mapatani otere ilipo 17. Anatsimikiza zimenezi ndi Evgraf Fedorov wa ku Russia mu 1891, chaka chomwe Henry Brown ankabzala tiyi ku Thornwood ku Mulanje. Mapatani oyenda mzere umodzi, ngati mapazi aja kapena mkombero wa dengu, mitundu yake ilipo 7. Paulus Gerdes, amene anaphunzitsa masamu zaka zambiri ku Mozambique, anafufuza tizikwama toluka totchedwa sipatsi ta ku Inhambane, ndipo mitundu yonse 7 inapezeka m'ntchito za amayi oluka. Mukadzaona agogo akuluka dengu kapena mkeka, muwapatse ulemu wawo, masamuwa ali m'zala zawo.

Zinachokera kuti?

Amene anayamba kugwiritsa ntchito mawu akuti gulu m'masamu anali mnyamata wa msinkhu wosatalikirana ndi wanu, Évariste Galois wa ku France, wobadwa mu 1811. Iye sankaganiza za mabokosi. Inu mumadziwa quadratic formula, yothetsera ma equation a x². Akale anapezanso njira zotere za x³ ndi x⁴, koma ya x⁵ inawakanika kwa zaka mazana. Mu 1824 Niels Abel wa ku Norway anasonyeza kuti formula yotero kulibe. Galois ndiye anafotokoza chifukwa chake: mayankho a equation ali ndi symmetry yawo, njira zowasinthanitsira, ndipo mapangidwe a gulu la njirazo ndi amene amanena ngati formula ingapezeke. Anamwalira mu 1832 ali ndi zaka 20, atawomberedwa pa mpikisano wa mfuti, anthu asanamvetse zimene analemba. Mu 1854 Arthur Cayley wa ku England anafotokoza gulu palokha, mosadalira ma equation, n'kuyamba kulemba matebulo osonyeza chotuluka mukaphatikiza njira ziwiri zilizonse.

Lero magulu amagwira ntchito pofufuza mapangidwe a miyala ya mtengo wapatali, mchere ndi mankhwala. Ngakhale m'kapu ya tiyi alimo. Dzanja lamanja ndi chithunzi cha pagalasi cha lamanzere, koma mulizungulitse bwanji, silisanduka lamanzere. Tizinthu tina ta m'chilengedwe tilinso choncho. M'masamba a tiyi muli theanine, amene anapezeka ku Japan mu 1949, ndipo ali ndi mitundu iwiri ngati manja. Mtengo wa tiyi umapanga wa mtundu umodzi, wotchedwa L-theanine. Opanga mankhwala amasamala kwambiri za kusiyana kotereku, chifukwa thupi limatha kulandira mtundu umodzi mosiyana ndi unzake, monga mmene phazi lamanja limakanira nsapato yamanzere.

Yesani nokha

1. Pa pepala lanu la sikweya chitani Z, kenako T, kenako Z. Mwapeza njira iti mwa 8 zija?
2. Mbendera ya dziko lathu, ndi dzuwa lake lotuluka, ili ndi njira zingati?
3. Mwa zilembo H, N, S ndi X, ndi ziti zili ndi gulu longa la parallelogram?
4. Dulani thirayango ya mbali zofanana, mupeze njira zake 6, mulembe tebulo ngati la Cayley la mizere 6 ndi mizati 6. Mukuona chiyani pa mzere uliwonse?

Musasuzumire mayankho musanadule pepala. Funso 1: mupeza T. Funso 2: njira 2, O ndi kutembenuza kumanzere kupite kumanja. Funso 3: N ndi S. Funso 4: njira iliyonse imapezeka kamodzi kokha pa mzere uliwonse ndi pa mzati uliwonse. Mukapeza ina yabwera kawiri, pena mwalakwitsa, bwererani.

Pa mayeso a JCE kapena MSCE sadzakufunsani malamulo 4 a gulu. Adzakufunsani mizere ya symmetry, order ya rotation ndi ma transformation. Funso lotero likadzabwera, musathamangire kujambula timadontho ngati mmene ndinachitira ine. Dzifunseni kaye kuti, nditachisuntha chonchi, mnzanga wotseka maso uja azindikira? Mukakayika, pindani kapepala m'maganizo, muone ngati makutu a kalulu atuluka.